Kodi madzi adzathetsa kutentha kwa purosesa yanu?

Bambo wina amene ntchito yake ndi yokonza mavidiyo walemba kuti: "Ndinadzimangira kompyuta ya padesiki yokhala ndi purosesa ya Intel Core i9-14900K, ndipo ndinaikamo choziziritsira cha fani imodzi. Ndikangoyamba kutulutsa vidiyo yaitali, kutentha kumafika madigiri 100 pasanathe mphindi, fani imachita phokoso losautsa, ndipo liwiro la purosesa limatsika. Anzanga ena akuti ndigule choziziritsira cha madzi chobwera chotsekeratu, chimene amati AIO, pomwe ena akuti ndimange ndekha njira yonse ya madzi ndi pampu, thanki ndi mapaipi. Kodi madzi adzathetsadi vutoli? Nanga akadontha, si ndiye kuti kompyuta yonse yatha?"

Zikomo kwambiri, bambo, makamaka chifukwa mwatchula dzina la purosesa ndi ntchito imene mumaipatsa, popeza popanda zinthu ziwirizi munthu angathe kungoyankha mongoyerekeza. Pa purosesa imeneyi ndi pa ntchito yoteroyo, AIO yokhala ndi rediyeta ya mamilimita 360 idzakuthandizani ndithu, koma kumanga nokha njira yonse ya madzi sindikukulangizani pakali pano. Musayembekezerenso kuti mukaika madzi kutentha kudzatsika kuchoka pa madigiri 100 kufika pa 60 makina ali pakati pa ntchito yolemetsa. Chifukwa chake chagona pa mfundo imene otsatsa malonda sakonda kuinena momveka, yakuti madzi sathetsa kutentha. Ntchito yawo ndi kukunyamula pamalo ena n'kukakutula pamalo ena.

Magetsi onse amene purosesa imadya amasanduka kutentha, ndipo palibe otsala. Kampani ya Intel, potulutsa purosesa yanuyi mu 2023, inalemba kuti mphamvu yake yoyambira ndi mawati 125, koma ikamathamanga pa liwiro lapamwamba imaloledwa kufika mawati 253, ndipo ma motherboard (bolodi lalikulu pamene zipangizo zonse zimalumikizidwa) ambiri a nthawi imeneyo ankabwera atamasuliratu malirewa moti purosesa inkatha kupitirira mawati 300. Kutentha konseku kuyenera kukathera mumpweya wa m'chipinda chimene mwakhalamo. Choziziritsira cha fani chimakutulutsa kudzera m'timalata topyapyala tomwe tasanjidwa pamwamba penipeni pa purosesa, cha madzi chimakutulutsa kudzera m'timalata ta rediyeta, motero zonse ziwiri zimathera pa malata ndi mafani. Mwina mudabwa kumva kuti chimene muli nacho panopa chili kale ndi madzi. Timapaipi ta kopa tija timene timachoka pansi n'kukwera m'malata ndi totsekedwa, mpweya wambiri unachotsedwamo, ndipo muli timadzi pang'ono timene timasanduka nthunzi kumunsi kotentha, n'kukwera kukazizira m'mwamba, kenako n'kubwerera pansi. Chimene pampu imaonjezera ndi mtunda: imatha kupititsa kutentha kutali ndi purosesa, kumene kuli malo okwanira malata ambiri ndi mafani akuluakulu oyenda pang'onopang'ono.

Madzi ndi mtengatenga wabwino zedi. Kuti galamu imodzi ya madzi itenthe ndi digiri imodzi pamafunika majulo (muyeso wa kuchuluka kwa mphamvu) pafupifupi 4.18, pomwe galamu imodzi ya mpweya imangofuna julo imodzi. Tikaonjezerapo kuti madzi amalemera kuposa mpweya kuwirikiza koposa ka 800, tipeza kuti lita imodzi ya madzi imasenza kutentha kochuluka kuwirikiza pafupifupi ka 3,500 poyerekeza ndi lita imodzi ya mpweya. Tiyerekeze kuti pampu ikuyendetsa lita imodzi pa mphindi ndipo purosesa ikutulutsa mawati 250. Madzi ochoka pa purosesa adzakhala otentha kuposa ofika ndi madigiri 3.6 okha, ndipo pampu ikayendetsa malita awiri kusiyanako kumatsika kufika pa madigiri 1.8. Nambala imeneyi ikutiuza kuti kunyamula kutentha ndi gawo lopepuka la ntchito yonse. Magawo ovuta ali kumapeto kuwiri kwa ulendo: kulowetsa kutentha m'madzi kuchokera mupurosesa, ndi kukutulutsa m'madzi kupita mumpweya.

Tiyambe ndi kotulukira. Rediyeta imatchulidwa potengera mafani amene amakwanapo. Ya 120 imanyamula fani imodzi ya mamilimita 120, ya 240 imanyamula awiri, ya 360 atatu, pomwe ya 280 ndi ya 420 zimanyamula mafani awiri kapena atatu a mamilimita 140. Mukachulukitsa mlitali ndi mlifupi mudzaona kuti ya 280 ili ndi malo pafupifupi magawo 9 mwa 10 a malo a ya 360, ndipo ya 420 imaposa ya 360 ndi gawo limodzi mwa atatu, zimene mayina okha sakuonetsani. Kunenepa kwa rediyeta kumathandizanso, ngakhale kuti si kwambiri ngati kutambalala: ma AIO ambiri ali ndi rediyeta ya mamilimita pafupifupi 27, pomwe Liquid Freezer ya kampani ya Arctic ili ndi ya mamilimita 38. AIO ya fani imodzi ilekeni, chifukwa pa purosesa yanu idzachita zochepa kuposa choziziritsira chabwino cha mpweya. Ngakhale ya 240 nthawi zambiri imangofanana mphamvu ndi zoziziritsira zikuluzikulu za nsanja ziwiri, monga NH-D15 ya kampani ya Noctua ya ku Austria kapena Peerless Assassin ya Thermalright, ndipo munthu wokhala ndi purosesa yodya mawati osapitirira 150 ndimamuuza kuti agule chimodzi mwa zimenezi, aiwale za madzi. Inu mwadutsa malire amenewo, n'chifukwa chake ndikutchula 360, kapena 420 ngati kesi yanu ingailandire.

Kolowera ndi kumene anthu ambiri amakhumudwira. Kachidutswa ka silikoni kamene kamagwira ntchito yonse m'purosesa yanu n'kofanana kukula ndi chikhadabo cha chala chachikulu, ndipo kutentha kochuluka kumachokera pa gawo lake limodzi lokha, pamene pali ma core 8 amphamvu kwambiri, tizigawo timene timachita mawerengedwe. Kutenthako kuyenera kuboola silikoniyo, kudutsa kachitsulo kolumikizira, kulowa m'chivindikiro cha kopa, kudutsa phala lija lotchedwa thermal paste, kenako kulowa m'mbale ya kopa ya choziziritsira, ndipo pokhapo ndi pamene kumakumana ndi madzi. Pa sitepe iliyonse madigiri angapo amatsalira. Chotsatira chake n'chakuti madzi angathe kukhala pa madigiri 35 okha, rediyeta n'kumangomveka yofunda pang'ono mukaigwira, koma mkati mwa purosesa muli madigiri 90. Zikatere kuonjezera rediyeta ina sikusintha zambiri, popeza chopinga chili pansi pa chivindikiro, kumene madzi safikako.

Palinso khalidwe la mapurosesa a masiku ano limene muyenera kulidziwa. Iwo amadziyeza okha, ndipo akaona kuti akuzizira bwino amakweza liwiro mpaka atafika pa malire a magetsi kapena a kutentha. Kampani ya AMD inanena poyera potulutsa Ryzen 9 7950X mu 2022 kuti purosesayo inapangidwa kuti pa ntchito yolemetsa izifika madigiri 95 ndi kukhazikika pomwepo. Yanu malire ake ndi madigiri 100. Ndiye mukaika AIO musaweruze potengera madigiri okha. Lembani nthawi imene vidiyo inayake imatenga kutuluka lero, liwiro limene purosesa imakhazikikapo pakatha mphindi 20, ndi kukula kwa phokoso, kenako mudzayerekeze ndi zimene mudzapeze mutasintha. Pulogalamu ya HWiNFO imaonetsa zonsezi, kuphatikizapo mawati ndi chizindikiro chosonyeza ngati purosesa ikuchepetsa liwiro chifukwa cha kutentha.

Musanagule chilichonse, lowani kaye mu BIOS, pulogalamu ya pa motherboard yosinthira makonzedwe a makina. Mu 2024 Intel inavomereza kuti mapurosesa ake a padesiki a m'badwo wa 13 ndi wa 14, kuphatikizapo mtundu wa yanuyi, ankatha kulandira volteji yokwera mopitirira muyeso ndi kuwonongeka pang'onopang'ono, ndipo inatulutsa zokonza za microcode (malangizo a mkati mwa purosesa), ya 0x129 mu Ogasiti ndi ya 0x12B mu Seputembala chaka chomwecho. Vuto limenelo palibe choziziritsira chimene chingalithetse, choncho ikani BIOS yatsopano kuchokera kwa opanga motherboard yanu, musankhe makonzedwe otchedwa Intel Default Settings, ndi kuonetsetsa kuti malire a mphamvu sakupitirira mawati 253. Ine ndimapitirira apo: pa makina ogwira ntchito maola ambiri ndimayesanso kuika malire pa mawati 200, chifukwa mawati omalizirawo amagula liwiro lochepa kwambiri poyerekeza ndi kutentha kumene amabweretsa. Mukayesa ndi vidiyo yanu yomwe, mungapeze kuti mwataya masekondi owerengeka pa ntchito ya mphindi zambiri, koma makina akhala chete.

Onaninso mmene choziziritsira chakhalira pa purosesa. Tsiku lina anandibweretsera kompyuta yokhala ndi AIO yatsopano, yaikulu, imene inkagunda madigiri 100 ikangoyatsidwa, ndipo mwini wake anali atatsimikiza mtima kuti pampu inabwera yakufa. Titamasula tinapeza kapulasitiki koteteza mbale ya kopa kadakali pomwepo, thermal paste atapaka pamwamba pake mwaudongo kwambiri. Zoterezi zimachitikira ngakhale anthu odziwa ntchito. Soketi yanu, malo amene purosesa imakhalamo, ya LGA 1700, ilinso ndi vuto lakelake: purosesa yake ndi yotalika mbali imodzi, ndipo chotsekera chimaipanikiza chapakati, moti chivindikiro chimatha kupindika pang'ono n'kusiya kukhudzana bwino ndi mbale. Makampani monga Thermal Grizzly ndi Thermalright amagulitsa kafelemu kolowa m'malo mwa chotsekeracho kuti kupanikiza kukhale kofanana mbali zonse. Kamathandiza pa makina ena, koma kakamangidwa molakwika RAM (memole ya kompyuta) imatha kusiya kuoneka, ndiponso Intel siivomereza kusintha koteroko, choncho kasiyeni kakhale kothawirako zina zonse zikakanika.

Tsopano za AIO yeniyeniyo. Mkati mwake muli mbale ya kopa yosemedwa timingalande topyapyala kwambiri, kapampu kamene kawirikawiri kamakhala pamwamba pa mbaleyo, mapaipi awiri a mphira, ndi rediyeta imene pafupifupi nthawi zonse imakhala ya aluminiyamu. Kapangidwe koika pampu pa mbale kanatchuka ndi kampani ya Asetek ya ku Denmark, imene inapangira Corsair choziziritsira cha H50 mu 2009, ndipo kwa zaka zambiri ma AIO a mayina osiyanasiyana ankakhala ndi pampu ya kampani imodzi yomweyo mkati. Madzi ake amasakanizidwa ndi glycol ndi mankhwala oletsa dzimbiri ndi ndere. Ngakhale amati n'chotsekeratu, madzi amapita akuchepa pang'onopang'ono chifukwa amalowerera m'mphira ya mapaipi n'kuuluka, ndipo patapita zaka mpweya umachuluka mkati. Opanga odziwika amapereka waranti ya zaka 5 kapena 6, ndipo ine ndimatenga zaka zimenezo ngati msinkhu umene munthu ayenera kuyamba kuchiyang'anitsitsa. Apa choziziritsira cha mpweya chimapambana kutalitali, popeza chinthu chokha chimene chingafe pa icho ndi fani, ndipo ngakhale fani itafa malata amapitiriza kuchotsa kutentha pang'ono. Pampu ikaima, timadzi tochepa tokhala pa mbale timatentha m'masekondi owerengeka, purosesa n'kutsitsa liwiro kapena kudzizimitsa.

Mpweya wotsalira mkatiwo ndi umene umalamula mmene muyenera kuikira rediyeta, ndipo apa ndi pamene ndimaona zolakwa zambiri. Thovu nthawi zonse limakwera kukakhala pamalo okwera kwambiri m'njira ya madzi. Ngati malo amenewo ndi pampu, ndiye kuti pampu izizungulira m'mpweya, izichita phokoso, izikankha madzi ochepa, ndipo popeza madziwo ndi amenenso amafewetsa ndi kuziziritsa kamtengo kake kozungulira, idzatha msanga. Kuika rediyeta padenga la kesi kumathetseratu nkhaniyi, chifukwa rediyeta yonse imakhala pamwamba pa pampu ndipo thovu limakakhala kumeneko mosavutitsa. Mukaika kutsogolo kwa kesi, onetsetsani kuti nsonga ya rediyeta yakwera kuposa pampu, ndipo ngati mapaipi akufika, mbali yotulukira mapaipiwo ikhale pansi kuti thovu likhale kumtunda, kutali ndi kumene madzi akuyamwidwira. Mapaipi akakhala m'mwamba makina amagwirabe ntchito malinga ngati pampu ili m'munsi mwa nsonga ya rediyeta, kungoti madzi akadzachepa mudzayamba kumva phokoso ngati la madzi othiridwa m'botolo. Chosayenera ndi kugoneka rediyeta pansi pa kesi, pampu n'kukhala pamwamba pa zonse.

Kusankha pakati pa denga ndi kutsogolo kulinso ndi mbali ina. Rediyeta ya kutsogolo imalandira mpweya wozizira wochokera kunja, motero purosesa imazizira bwinoko, koma mpweya umene wadutsa m'rediyetayo umalowa m'kesi uli wofunda n'kukafika pa graphics card, khadi lopanga zithunzi. Ya padenga imapuma mpweya wotenthedwa kale ndi graphics card, koma imautaya kunja. Kwa inu amene purosesa ndi graphics card zimagwira ntchito limodzi potulutsa vidiyo, kusiyanako ndi kwa madigiri ochepa, ndipo ine ndingasankhe denga. Yezani ndi tepi musanagule, chifukwa rediyeta ndi mafani pamodzi zimanenepa mamilimita oposa 50, ndipo padenga zimatha kugundana ndi RAM yaitali kapena malata a motherboard. Kumbukiraninso kuti fani ya choziziritsira chanu chakale inkapepesera mwangozi tizipangizo ta magetsi tozungulira soketi, totchedwa VRM. Mukaichotsa, kesi ikhale ndi mafani okwanira olowetsa ndi otulutsa mpweya kuti malowo asasanduke chikuta.

Polumikiza mawaya, pampu ipite pa cholumikizira cholembedwa AIO_PUMP ngati chilipo, ndipo muisiye iziyenda pa liwiro lokhazikika, lokwera ndithu, m'malo moti izikwera ndi kutsika. Mafani ndi amene azisintha, ndipo ngati choziziritsira chanu chimayeza kutentha kwa madzi, muwalamule potengera muyeso umenewo. Kutentha kwa purosesa kumadumpha madigiri 20 kapena 30 m'kanthawi kochepa mukangotsegula pulogalamu, koma madzi amasintha pang'onopang'ono, ndipo popeza mafani amaziziritsa madziwo, palibe phindu kuti azibangula nthawi iliyonse purosesa yadzidzimuka. Kuchedwa kwa madzi kutentha kumanyenganso oyesa mothamanga. Lita imodzi ya madzi imafuna masekondi pafupifupi 17 kuti ikwere digiri imodzi pa mawati 250 ngakhale popanda rediyeta, ndipo ngakhale AIO ili ndi madzi ochepa kuposa apo, mayeso a mphindi imodzi amaonetsa madigiri okoma amene sakhalitsa. Pa ntchito ngati yanu, chofunika ndi chimene chikuoneka pakatha theka la ola.

Njira yomanga nokha imakhala yanzeru pamene mukufuna kuziziritsa purosesa ndi graphics card pamodzi. Khadi la Nvidia la RTX 4090 limadya mpaka mawati 450 ndipo la RTX 5090 mpaka 575, moti mukaphatikiza ndi purosesa yanu muli ndi mawati 700 kapena 800 ofunika kutulutsidwa, ndipo marediyeta awiri kapena atatu okhala ndi mafani oyenda mofatsa angachite zimenezi mwakachetechete kuposa njira ina iliyonse. Mapampu a njira imeneyi, makamaka D5 ndi DDC amene anayamba kupangidwa ndi kampani ya Laing ya ku Germany, ndi amphamvu kuposa a mu AIO, ndipo chilichonse chikawonongeka mumasintha chokhacho. Zolumikizira pafupifupi zonse ndi za muyeso umodzi wa G1/4, choncho zipangizo za makampani osiyana zimagwirizana. Koma pa purosesa yokha, phindu lake kuposa AIO yabwino ya 360 ndi la madigiri ochepa, pa chifukwa chimene ndafotokoza chija cha chopinga cha pansi pa chivindikiro, pomwe ndalama zake n'zochuluka kangapo ndipo ntchito yosamalira siitha.

Ngati tsiku lina mudzafuna kuyesa, pali zinthu zimene simuyenera kuziphonya. Musasakanize kopa ndi aluminiyamu m'njira imodzi ya madzi, chifukwa zitsulo ziwiri zosiyana zikakhala m'madzi amodzi zimapanga ngati kabatire, ndipo aluminiyamu amadyeka mpaka kubooka, zinyalala zake n'kukatseka timingalande ta mbale. Mwina mufunsa kuti nanga AIO imasakaniza bwanji zitsulo zomwezi. Imadalira mankhwala oletsa dzimbiri amene anathiridwa ku fakitale, ndipo kutha mphamvu kwa mankhwalawo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene AIO imakalambira. Madzi a pampopi musawathire. Gwiritsani ntchito madzi otchezedwa osakaniza ndi mankhwala opangidwira ntchitoyi, kapena ogulitsidwa atasakanizidwa kale. Madzi okhuthala amitundu yowala amakongola pa zithunzi, koma tinthu timene timawapatsa mtunduwo timakhazikika pansi n'kutseka mbale, ndipo makina ogwirira ntchito sindingawathire zimenezo. Thanki ikhale pamwamba pa pampu ndi kuithira madzi mwachindunji, popeza pampu yoyenda youma imawonongeka m'kanthawi kochepa. Kupatula pamenepo, zoti madzi ayambe kudutsa pati n'kuthera pati zilibe ntchito kwenikweni, poti taona kale kuti amangosiyana ndi madigiri ochepa njira yonse. Ikani kampopi kotulutsira madzi pamalo otsika kwambiri, chifukwa muzidzawasintha pafupifupi kamodzi pachaka, ndipo poyamba gwiritsani ntchito mapaipi ofewa. Olimba a acrylic kapena PETG amafuna kupindidwa ndi mpweya wotentha ndi kudulidwa molondola, ndipo PETG imafewa madzi akatentha kwambiri.

Mantha anu a kudontha ndi omveka, ndipo sindikuuzani kuti sizichitika. Makompyuta akuluakulu akhala akuziziritsidwa ndi madzi kuyambira kale, monga IBM 3081 ya mu 1980, ndipo Cray-2 ya mu 1985 inkamizidwa yonse m'madzi apadera osadutsa magetsi otchedwa Fluorinert, koma amenewo anali ndi amisiri owayang'anira tsiku ndi tsiku. Pa makompyuta a padesiki, Apple inaika madzi mu Power Mac G5 mu 2004, ndipo ena mwa makinawo anadzayamba kudontha patapita zaka. Ma AIO a masiku ano a makampani odalirika sadontha kawirikawiri. Chimene chimachitika kwambiri ndi kufa kwa pampu, kuchepa kwa madzi kapena kutsekeka kwa mbale. Kudontha kukachitika kumayambira pamene paipi yalumikizana ndi rediyeta kapena pampu, makamaka ngati inapindidwa mokakamiza kapena ikukokedwa, choncho mapaipi muwasiye akhale omasuka. Werengani waranti musanagule kuti mudziwe ngati imalipira zipangizo zina zowonongeka ndi madzi, popeza makampani amasiyana pa mfundo imeneyi.

Pa njira yomanga nokha, wodontheza amakhala mwini wake: cholumikizira chosamangitsa, kamphete ka mphira kopanidwa molakwika, kapena kabowo koiwalika kosatsekedwa. N'chifukwa chake amisiri amayesa asanayatse kompyuta. Ena amapopera mpweya m'njira youma ndi kachipangizo koyezera n'kuona ngati muyeso ukutsika, ena amathira madzi n'kuyendetsa pampu yokha kwa maola angapo, motherboard ndi graphics card zitachotsedwa ku magetsi, atayala mapepala oyera pansi pa cholumikizira chilichonse. Musakhulupirire mawu akuti madzi otchezedwa sadutsa magetsi. Ali m'botolo amadutsa ochepa kwambiri, koma akangozungulira m'zitsulo kwa masiku angapo, kapena akagwera pa fumbi la pa motherboard, amayamba kudutsa. Mukadzaona dontho, zimitsani pa khoma nthawi yomweyo, zulani chingwe, pukutani, tsukani malo okhudzidwawo ndi isopropyl alcohol, ndipo musayatse mpaka patapita tsiku limodzi kapena awiri zonse zitaumiratu. Zipangizo zambiri zimapulumuka ngati magetsi anachotsedwa msanga. Zimene zimafa ndi zoyatsidwa zidakali zonyowa.

Rediyeta iliyonse, kaya ya AIO kaya yomanga nokha, singaziziritse madzi kuposa mpweya umene ikupuma. Chipinda chikatentha ndi madigiri asanu, madzi ndi purosesa zimakweranso ndi madigiri pafupifupi asanu, ndipo kompyuta yotulutsa mawati mazana angapo m'chipinda chotsekedwa imadzitenthetsera yokha mpweya wopuma. Alipo amene amaika makina oziziritsa madzi mpaka pansi pa kutentha kwa chipinda, ndi ena ochita mipikisano amene amathira nayitirojeni wamadzi wa madigiri 196 pansi pa ziro, koma pamenepo mame amayamba kupangika pa mapaipi ndi pa motherboard, ndipo imeneyo si njira ya munthu amene ali ndi vidiyo yoti apereke mawa. Fumbi ndilo mdani wa tsiku ndi tsiku: timalata ta rediyeta ndi tothithikana, timagwira fumbi msanga, ndipo miyezi ingapo iliyonse timafuna kupemereredwa, mafani mutawagwira kuti asazungulire.

Mukadzaika AIO yanu, lembani penapake madigiri, mawati ndi liwiro la pampu za sabata yoyamba, pa vidiyo imodzi imene mudzaisunge ngati yoyesera. Patapita zaka, mukadzaona kuti pa vidiyo yomweyo kutentha kwakwera ngakhale rediyeta ndi yoyera ndipo thermal paste mwasintha, kapena mukumva phokoso la thovu losatha, kapena mbale ikuotcha pomwe rediyeta ili zii, dziwani kuti madzi sakuyendanso bwino. Ma AIO ambiri sanapangidwe kuti azitsegulidwa ndi kuwonjezeredwa madzi, motero zikafika pamenepo limakhala tsiku losintha. Choziziritsira cha fani chimene mukuchotsachi musachitaye kapena kuchigulitsa. Chisungeni m'bokosi pamodzi ndi zomangira zake zonse ndi kachubu ka thermal paste, chifukwa tsiku limene pampu idzaime pakati pa ntchito, mudzachibwezeretsa m'mphindi 20, mudzatsitsa malire a mphamvu kufika pa mawati 150, ndipo vidiyo idzatuluka pamene mukudikira china.